Handulo ya njinga ya achimwene

Njinga imene ndimayendera popita kuntchito sinali yanga poyamba. Inali ya achimwene anga aakulu, ndipo anthu onse a kwathu, cha kumunsi kwa Likhubula, ankaizindikira ikadali patali chifukwa cha handulo yake. Inali handulo yowongoka, yaitali, yoti ukaiona ikutulukira pa kona umayamba wapatuka poganiza kuti kukubwera ng'ombe.

Achimwene ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri. Ntchitoyo anaiyamba ali achinyamata, ndipo thupi lawo linakula motsatira ntchito: miyendo ngati mabulugama, mapewa otambalala moti polowa m'nyumba ya amayi ankachita kupendekeka. Njingayo anaigula ya kaunjika pa msika wa Chonde. Inabwera ndi handulo yabwinobwino, koma iwo anati ikuwafinya pachifuwa, sakupuma bwino. Anayendayenda kwa okonza njinga mpaka anapeza chitsulo china chachitali n'kuchimangirira. Kuyambira pamenepo ankatsetsereka mumsewu manja atatambasula, malaya akuuluka kumbuyo, belu likulira ngakhale mumsewumo mulibe munthu.

Chaka china, nthawi ya chiperoni, anaterereka pa thanthwe potsika phiri, chikwama cha mlendo chili kumsana. Bondo lakumanzere linapindikira kolakwika. Anzawo anawatsitsa pa machira, ndipo kuchipatala anawaika chikhakha. Atachichotsa, bala linali litapola, koma bondo linkangopinda pang'ono n'kukana. Njinga anaipachika pa mtanda wa denga kuchipinda, ati idikire mwendo uchire.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditangopeza malo pa shopu ya telala ku Chitakale. Ndine munthu wamfupi, wochepa thupi, wotengera amayi. M'mawa ndinkayenda wapansi, madzulo nthawi zina ndinkakwera kabaza. Ndinkafika pa shopu miyendo itatopa kale, pomwe makina athu osokera ndi opalasanso ndi mapazi. Amene anayambitsa nkhani ndi alamu anga, akazi awo a achimwenewo.

"Njinga ikungodyedwa ndi dzimbiri kudengaku," anatero kwa amuna awo, "mlongo wanu akuthera nsapato mumsewu."

Achimwene anaiganizira nkhaniyo kwa masiku, kenaka anandiitana. Njinga inali itatsitsidwa, itapukutidwa, tcheni chitathiridwa oilo.

"Ndakubwereka," anatero. "Wamva bwino, chemwali? Kubwereka. Mwendo ukangochira ndikuitenga."

Chishalo anatsitsa okha mpaka chinagunda pansi penipeni. Handulo sanaikhudze, ndipo inenso sindinaganizepo zoti handulo ili ndi saizi ngati malaya. Ndinkayesa kuti njinga ndi njinga basi, ukafikira mapedulo ndiye kuti zatheka.

Tsiku loyamba ndinanyamuka monyadira. Koma kuti ndigwire mbali zonse ziwiri ndinkachita kutambasula manja mpaka zigongono kuwongokeratu, chifuwa n'kugwera kutsogolo, chibwano n'kutsala pang'ono kugunda belu. Podutsa m'mbali mwa minda ya tiyi, amayi othyola tiyi anaimitsa ntchito n'kumandiyang'ana. Mmodzi anakuwa kuti, "Taonani, nkhuku ikufungatira anapiye!" Onse anafa nazo kuseka, ine ndinangolimbikira kupalasa. Sindikanatha n'komwe kuwabayibitsa kapena kuwatukwana ndi dzanja, chifukwa ndikasiya mbali imodzi njinga inkathawira kutchire.

Pamsewu waukulu zinkayenda. Mavuto ankayambira pa Chitakale penipeni. Shopu yathu ili kuseri kwa msika, ndipo kuti ukafike umadutsa pa siteji ya maminibasi, kenaka m'kanjira kopapatiza pakati pa mabenchi a ogulitsa. Pa siteji handulo inkagunda magalasi a m'mbali a maminibasi, makondakitala n'kumandifunsa ngati ndili ndi laisensi ya lole. M'kanjira ka mumsika ndinkatsika n'kumaikankha, komabe inkakola chilichonse: phava la nthochi, thumba la munthu, nsalu yotchingira dzuwa. Tsiku lina inagwetsa mulu wa nanazi, zipatso n'kugubuduzika mpaka mu ngalande. Mwini wake, mayi wachikulire, anandikalipira m'Chilomwe chokhachokha, chothamanga, choti ine amene ndimangomva cha moni ndi cha kukhitchini ndinatolapo mawu awiri okha. Tinatolera limodzi nanazizo, ndipo pomaliza anandipatsa imodzi yophwanyika kuti ndidye, ati kuti ndikhale ndi mphamvu zowetera chilombo changacho.

Pakhomo la shopu napo njinga sinkalowa mowongoka. Ndinkalowetsa nyanga imodzi kaye, kupotoza, kenaka inayo, monga timachitira polowetsa tebulo m'nyumba.

Zonsezi ndinkangoseka nazo. Chimene sichinandiseketse ndi ululu. Unayambira pakati pa mapewa, ngati wina wakanikizapo chala chachikulu n'kuiwala kuchichotsa. Kenaka unakwera m'khosi. Pambuyo pake zala ziwiri zakumapeto kwa dzanja lamanja zinayamba kuchita dzanzi, moti kulowetsa ulusi pa singano kunasanduka ntchito yaikulu. Ndinkaganiza kuti ndi makina osokera. Ndinasintha mpando, ndinaikapo pilo, ndinadzola mankhwala otentha aja mpaka makasitomala ankayetsemula. Palibe chinasintha.

Amene anandiuza zoona ndi bambo okonza njinga pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi pomwetsera mafuta galimoto. Anali Msilamu wachikulire, wa ndevu zoyera, wokonda kucheza kuposa kugwira sipanala. Ndinapita kwa iwo chifukwa cha tayala lophulika basi. Atangoiona njinga anaimirira n'kuisisita pa chishalo ngati aona m'bale wawo.

"Iyi ndi ya chimphona cha ku Likhubula chija," anatero. "Handulo iyi ndinamanga ndine. Ali bwanji mwendo?"

Ndinawauza. Anapukusa mutu, anamata chubu, kenaka anati ndikwere aone ngati tayala lakhala bwino. Nditazungulira mtengo wa mango kamodzi, anayamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, mapewa sakupwetekani?"

"Akupweteka. Ndi makina."

"Makina ake ndi amenewa mwakwerawa."

Anandiuza kuti nditsike, nditseke maso, nditambasule manja kutsogolo ngati ndikufuna kukankha chitseko cholemera. Nditatsegula maso, anali atagwira njinga patsogolo panga, ndipo manja anga onse awiri anali m'kati kwambiri, kutali ndi mphira zogwirira. Ine ntchito yanga ndi yoyeza mapewa a anthu tsiku lonse, tepi ili m'khosi. Ndinaivula pomwepo, ndinayeza mapewa anga, ndinayeza handulo, ndipo tonse awiri tinaseka. Munali malo okwanira ine ndi theka la munthu wina.

"Ndiye muidule," ndinatero. "Sowo muli nayo?"

"Sowo ilipo. Koma njinga ndi yanu?"

Ndinabwezera tepi m'khosi.

"Ine ndi chimphona chija timadziwana," anatero. "Sindifuna chibwere pano ndi ndodo. Mukapemphe kaye. Komanso ngakhale atalola, osathamangira kudula. Mukadula n'kupeza kuti mwapitirira, simungalumikize. Tiyeni tiyese kaye kusuntha manja okha."

Anavula mphira zogwirira zija n'kundipatsa kuti ndisunge. Anamasula zogwirira mabuleki n'kuzikankhira m'kati, belu nalonso m'kati. Pamalo pamene manja anga anagwera paja anakulungapo mphira ya chubu chakale, bwinobwino, mpaka panakhala pofewa. Kunja kwa manja anga, mbali zonse ziwiri, kunatsala chitsulo chopanda kanthu, chonyezimira, pafupifupi zala zinayi.

"Muyende nayo choncho masiku angapo," anatero. "Thupi likuuzani lokha."

Ulendo wobwerera kunyumba tsiku limenelo sindidzauiwala. Msana unawongoka. Zigongono zinapinda pang'ono mmene zimafunira. Kwa nthawi yoyamba ndinadzutsa mutu n'kuona phiri lonse patsogolo panga, mitsinje yoyera ikutsika m'matanthwe, m'malo momangoona tayala lakutsogolo. Ndinayesa kusiya dzanja limodzi n'kukanda mphuno, njinga sinapite kutchire. Ndinafika kunyumba ndikuimba.

Achimwene anali pa khonde, mwendo atautambasula pa kampando. Nyumba zathu zili pabwalo limodzi, ndiye panalibe kozembera. Anayang'ana nsonga zonyezimira zija nthawi yaitali.

"Mphira zanga zili kuti?"

Ndinazitulutsa m'chikwama. Ndinafotokoza zonse, za mapewa, za dzanzi, za nanazi, za tepi. Ndinafotokoza mothamanga, mosangalala, ndipo mosaganiza bwino ndinamaliza ndi kuti, "Ndiye chatsala n'kungodula nsongazi basi."

"Kudula."

"Pang'ono pokha, achimwene. Mbali iyi ndi iyi."

"Ndiye ine ndikachira ndizidzagwira pati?"

Sanakweze mawu. Anatenga mphira zija, anaziika m'thumba la malaya, anadzuka ndi ndodo yawo n'kulowa m'nyumba. Ine ndinatsala pabwalo nditagwira njinga, ndikudzimva ngati ndapempha chinthu chachikulu kuposa chimene ndimaganiza.

Alamu anandipeza kuseri ndikutsuka mbale. Anakhala pa mwala n'kuyamba kundithandiza kutsukuluza.

"Adokotala anawauza kalekale," anatero. "Bondo lija pamene lafikapa ndi pomwepo. Kuyenda aziyenda, koma zokwera phiri ndi katundu ayi. Njinga kaya. Iwo akudziwa, ine ndikudziwa, koma m'nyumba muja timangoti akachira, akachira. Ndiye inu mwabwera ndi sowo."

Ndinamva chisoni, koma ndisaname, ndinapsanso mtima. Mapewa opwetekawo anali anga. M'mawa mwake ndinaitsamiritsa njinga pa khonde lawo n'kunyamuka wapansi, nsapato zikulira dala kuti amve. Iwonso sanandiitane. Tinakhala choncho kwa kanthawi ndithu: moni wa m'mawa tinkapatsana, ndiwo tinkagawana monga kale, koma njinga inangokhala pa khonde, nkhuku zikugona pa kaliyala. Amayi, amene samva bwino koma amaona zonse, anandifunsa kuti kodi njingayo yaferanji. Ndinati ikupuma. Anati anthu a pabwalo pano ndi opusa mofanana, n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Bambo okonza njinga ankandiona ndikudutsa wapansi n'kumandifunsa ndi maso okha. Ndinkangotambasula manja. Amayi othyola tiyi nawonso anafunsa kuti anapiye aja apita kuti.

Zinasintha Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi. Kunali kadzuwa kofunda bwino, aliyense ali pabwalo. Achimwene anadzuka mwadzidzidzi, anathamangitsa nkhuku pa kaliyala, n'kuyamba kukweza chishalo.

"Mukutani?" anafunsa alamu.

"Ndikufuna ndione."

"Muone chiyani?"

"Ndione basi. Chemwali, tandigwirira."

Ndinagwira njinga, iwo n'kukwera movutikira, mwendo wabwino pansi, wovulala pa pedulo. Anagwira kunsonga kwenikweni kwa handulo, pa chitsulo chopanda mphira paja, ndipo mapewa awo anadzaza malo onsewo ndendende. Apo ndinaona kuti handuloyo sinali yopusa ayi, inali ya mwini wake. Anakankha. Pedulo lakumanzere linatsika bwino, koma pobwerera m'mwamba bondo linakana, phazi n'kudumpha. Anayesanso, linakananso. Anayesa ndi chidendene, anayesa atakhala chammbali. Thukuta linayamba kutsika.

Kuchokera pabwalo pathu pali kanjira kotsetsereka kopita kumunda wa nandolo. Achimwene anakayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Siya."

"Achimwene, mabuleki ali m'kati, simuwafikira bwino!"

"Ndati siya."

Ndinasiya. Njinga inayamba pang'onopang'ono, kenaka inathamanga. Mwendo wovulala anautambasulira kumbali ngati mtengo, malaya a kutchalitchi anadzaza mphepo, ndipo tinamva mawu amene tinali titawaiwala pabwalo paja: achimwene akukuwa mokondwa ngati mwana. Alamu anagwira kumutu. Kumapeto kwa kanjirako kuli kona, ndipo pa konapo sanakhote. Analowa m'munda wa nandolo mowongoka, mitengo ya nandolo n'kumagwa uku ndi uku, mpaka njinga inaima yokha n'kuwatula pansi mwaulemu.

Tinathamangira komweko. Tinawapeza atagona chagada, masamba ali m'tsitsi, akuseka mpaka misozi. Kaya misozi yonseyo inali ya kuseka, sindinafunse.

"Mwavulala?" anatero alamu, akuwagwiragwira bondo.

"Ayi. Nandolo ndi amene wavulala." Anapuma kaye, akuyang'ana kumwamba. "Kutsika ndikutha. Koma munthu sungamangotsika, umafunika kubwereranso." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Mawa ukabwereke sowo kwa mdala uja. Umuuze kuti ndidula ndekha. Sindifuna munthu wina aikhudze."

Bambo okonza njinga anandipatsa sowo yodulira zitsulo ndi tupa, pamodzi ndi malangizo ambirimbiri oti ndikawauze achimwene. Nditafika nawo malangizowo, achimwene anati akudziwa kale zonse. Tinaigoneka njinga pa benchi. Ine ndinatenga choko changa cha utelala ndi tepi, ndinayeza kuchokera pakati kupita mbali iyi, kuchokera pakati kupita mbali inayo, n'kulemba mizere iwiri yofanana. Apa ndiye panabuka mkangano.

"Wachulutsa," anatero.

"Ndi pamene manja anga amathera."

"Handulo yaifupi imanjenjemera. Ukadzanyamula thumba la chimanga kumbuyo udzaona. Njinga imafuna poigwira."

"Ine sindinyamula matumba, ndimanyamula nsalu."

"Lero. Nanga mawa?"

Anafufuta mizere yanga ndi chala n'kulemba yawo, kunja pang'ono. Ine ndinafufuta yawo. Alamu, amene ankatiyang'ana akusankha nyemba, anati tikapitiriza choncho choko chitha handulo ikadali yonse. Tinagwirizana kuti tidule pa mzere wa achimwene kaye, poti chotsala chimadulikanso.

Anakulunga pepala mozungulira chitsulo kuti sowo iyende mowongoka, ine ndinagwira mbali inayo mwamphamvu. Asanayambe anaima kaye pang'ono, sowo ili m'manja, ngati munthu amene akufuna kupha nkhuku yoweta yekha. Kenaka anakoka. Phokoso lake linali lonyansa, lolowa m'mano, agalu mpaka anachoka pabwalo. Kachitsulo koyamba kanagwa pansi n'kugubuduzika. Anakatola, anakayang'ana, anasuzumira m'kati mwake ngati muli nkhani, n'kukaika m'thumba. Mbali yachiwiri anadula mofulumira, akuimba mluzu. Anapala m'mphepete ndi tupa mpaka posalala, anayesa ndi chala, kenaka anatulutsa mphira zawo zija, anazinyowetsa ndi madzi a sopo n'kuzilowetsa.

Ndinayenda nayo sabata imeneyo. Inali bwino kuposa kale, koma madzulo zala zija zinkachitabe dzanzi, ndipo ndinkadzipeza ndikugwira m'kati mwa mphira, pafupi ndi mabuleki. Ndinawauza achimwene mosamala, ndikuyembekeza mkangano wina. Anangoti, "Bweretsa," ngati akhala akudikira. Ulendo uno anadula pa mzere wanga osatsutsa, koma anati ndisauze alamu kuti ndinalondola ndine.

Vuto latsopano linali malo. Mphira, mabuleki ndi kagiya zitakhala m'malo mwake, belu linasowa pokhala. Ine ndinati tingolichotsa, pakamwa ndili napo. Achimwene anakana kwamtuwagalu, ati njinga yawo siyenda mumsewu ngati wakuba. Analimbana nalo madzulo onse mpaka analimangirira chozondoka, kunsi kwa handulo, moti ndimaliliza ndi chala chachikulu mokankhira m'mwamba. Mpaka lero lili choncho, ndipo aliyense wobwereka njingayi amayamba walifufuza.

Pa za kunjenjemera, achimwene sananame. Masiku oyamba njinga inkamva msanga kwambiri. Ndikangoyetsemula inkafuna kukhota. Pa malo a miyala, pamene kale inkangodutsa ngati ngolo, tsopano ndinkayenera kuigwira ndi nzeru. Koma thupi linazolowera, ndipo ululu wa pakati pa mapewa unachoka osatsanzika. Ndinangozindikira tsiku lina kuti ndalowetsa ulusi pa singano kamodzi n'kamodzi. Pa siteji ndinayamba kudutsa pakati pa maminibasi osagunda kanthu, makondakitala mpaka anasowa chonena. Mayi wa nanazi uja anaiyang'ana njinga, anandiyang'ana ine, n'kufunsa ngati chilombo chija ndachigulitsa. Nditamuuza kuti ndi chomwe chija koma tachidula nyanga, anauza msika wonse.

Tizitsulo todulidwa tija achimwene sanataye. Nthawi yonse imene ankakhala pa khonde anali atayamba kusema ndodo, poyamba yawo yoyendera, kenaka zina zongotayitsa nthawi. Ndodo yawo inkatha msanga kunsi chifukwa choitsamira kwambiri. Anatenga kachitsulo kamodzi n'kukakhomera kunsi kwa ndodoyo, ndipo kanakwana ngati anachita kuyeza. Mnzawo wina wonyamula katundu atabwera kudzawaona, anaiyesa ndodoyo pa mwala n'kunena kuti alendo okwera phiri angazikonde zoterezi, chifukwa zimene amagula zimaphwanyika kunsi asanafike n'komwe pamwamba. Tizitsulo tathu tinali tochepa, ndiye ndinayamba kutumidwa kwa bambo okonza njinga kukatenga mahandulo akale opindika, amene iwo ankangowaunjika kuseri kwa mtengo wa mango. Sowo ija sinabwererenso msanga kwa eni ake.

Ndodo zitakwana mtolo, panafunika kuti zipite ku Likhubula, kumene alendo amayambira ulendo. Achimwene anali asanapondeko chivulalire. Ankapeza zifukwa: kukutentha, kukuzizira, mwendo wadzuka molakwika. Loweruka lina m'mawa ndinangotulutsa njinga, ndinapinda chitenje n'kuchiika pa kaliyala, n'kuima pakhomo pawo.

"Kwerani."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iweyo? Undinyamule ine?"

"Munati ndidzaona ndikadzanyamula thumba la chimanga. Tiyeni ndione."

Alamu anaseka mpaka anakhala pansi. Achimwene anang'ung'udza, koma anavala chipewa chawo. Anakhala chammbali pa kaliyala, mwendo wovulala atautambasula, mtolo wa ndodo ataukumbatira pamiyendo. Tayala lakumbuyo linaphwathalala pang'ono. Nditangopalasa kawiri, handulo inayamba kuvina uku ndi uku, ndipo tinayenda mokhotakhota ngati oledzera mpaka pa mtengo wa mapeyala.

"Ndinanena ine!" anakuwa kumbuyo. "Ndinanena kuti wachulutsa!"

"Khalani phee, musagwedezeke!"

"Finya zigongono! Yang'ana kutsogolo, osati tayala! Pali dzenje apo!"

"Ndaliona!"

"Sunalione, walowamo!"

Titalowa mumsewu waukulu njinga inakhazikika. Pokwera mtunda ndinkatsika n'kumakankha, iwo akuyenda pambali ndi ndodo yawo, akundiuza mmene akanakwerera mtundawo osatsika. Pamalo athyathyathya ankakweranso. Anthu m'njira ankaima n'kumatiyang'ana, kamayi kakang'ono kutsogolo, chimunthu kumbuyo, ndipo achimwene ankawapatsa moni onse mokweza ngati ali pa galimoto ya boma. Pena anatambasula dzanja pansi pa mkono wanga n'kuliza belu okha.

Kenaka tinayandikira ku Likhubula. Pansi pa mitengo, pafupi ndi pamene njira yokwera phiri imayambira, anzawo anali atakhala pa miyala kudikira alendo, ena akumanga zikwama. Ndinamva dzanja lawo likugwira malaya anga kumbuyo.

"Ima apa. Ndiyenda ndekha."

Ndinaima. Anatsika, anakonza chipewa, anaika mtolo wa ndodo paphewa monga ankanyamulira katundu kale, n'kuyamba kuyenda motsimphina. Asanafike pakati, mmodzi anawaona n'kukuwa, ndipo onse anadzuka. Kunali kukumbatirana, kumenyana pamsana, Chilomwe ndi Chichewa kusakanikirana. Wina anawalanda mtolo n'kuyamba kugawira anzake ndodo kuti aziyese pa miyala. Wina anabwera kwa ine, anaizungulira njinga, n'kufunsa achimwene mokuwa kuti ndani waononga handulo yotchuka ija.

"Ndadula ndekha," anayankha. "Ndi ya chemwali wangayu tsopano. Ukaifuna upemphe kwa iyeyo."

Ananena akuyang'ana kwina, ngati nkhani wamba, kenaka anabwerera ku zokambirana za ndodo. Ine ndinaimirira pamenepo kanthawi. Atandiona ndikadalipo, anandikupizira dzanja kuti ndizipita, ati madzulo abwera ndi anzawo, ndisavutike kudzawatenga. Ndinatembenuza njinga n'kutsetsereka nayo kupita ku Chitakale, kumene madiresi a ukwati wa mawa lake ankandidikira osapindidwa m'munsi.